Kachipangizo Kanalira pa Mlangeni

Nkhaniyi anandiuza ndi a Yoramu, dalaivala amene analipo. Ine sindifulumira kukhulupirira, koma mkulu ameneyu sindinamumvepo akunama.

Nomsa atamaliza digiri anapita kunja kukaphunzira kalongedzedwe ndi kanyamulidwe ka zinthu zotulutsa rediyeshoni, mphamvu yoopsa yosaoneka ndi maso. Ali konko, bambo ake a Fanizo anamwalira ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi ya ku Joni. Maliro sanawaone. Manda sanawapondepo.

Atabwerako, akuluakulu a kuntchito anamupatsa ulendo womuyesa: kuperekeza bokosi la mtovu losungiramo zinthu zoterezi, lochokera ku chipatala china, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Lamulo linali lakuti asapatuke, ndiponso asalisiye bokosilo. Akaphwanya lamuloli, chiphaso cha ntchitoyi palibe.

Pa Mlangeni, masana ndithu, panagwa nkhungu. Galimoto inazima yokha pamene payambira kanjira kopita kwawo kwa Nomsa.

Kachipangizo koyezera rediyeshoni kanali pamiyendo pake. Kanayamba kulira. Tche. Tche. Tche.

“Madamu, bokosi labooka?” a Yoramu ananong'ona.

Nomsa anatsika nkuyeza bokosi mbali zonse. Linali bwinobwino. Atatembenukira ku kanjira kaja, kachipangizo kanalira ngati mvula pa malata.

Kunalibe munthu. Kunali fungo la fodya wa chingambwe. Kenaka wina anatsokomola m'nkhungumo, kutsokomola kouma kuja kwa bambo ake, kwa m'mamawa.

“Madamu, mwana sadutsa pakwawo osalonjera. Thamangani kumanda. Ine sindiulula,” anatero a Yoramu.

Mitengo ya kumandako inkaoneka pang'ono kuseri kwa dimba. Nomsa anaiyang'ana. Anayang'ananso bokosi. Ndiye anagwada pa miyala ya m'mbali mwa msewu, dzanja lina lili pa chitseko cha galimoto.

“Bambo, ndine Nomsa. Ndabwerako. Katunduyu sindingamusiye, munandiphunzitsa ndinu.”

Kachipangizo kanati zii.

A Yoramu anapotokola kiyi, galimoto inalira. Atanyamuka, kachipangizo kanayambanso, pang'onopang'ono ngati kupuma kwa munthu wotopa. Nomsa anakalozetsa pampando wapakati, pamene panalibe munthu. Kanakweza mawu.

Anasendera kuwindo kuti apereke malo.

Fungo la fodya lija linayenda nawo mpaka pa Manjawira. Pamenepo fungo linatha, kachipangizo kanakhala chete.

Chiphaso anachilandira. Kumanda anapitako, nalambula, nalira. Koma a Yoramu akuti mpaka lero, akamadutsa naye pa Mlangeni, Nomsa amayatsa kachipangizo kaja, nasendera kuwindo.

Sikanalirenso.