Khutu la Firmin Cazalet

Lachiwiri m'mawa, m'chaka cha 1894, bomba linaphulika pakhomo pa woweruza wina mu Paris. Silinaphe munthu, koma wantchito wa m'nyumbamo anaduka zala ziwiri. Apolisi anaganizira Firmin Cazalet, mnyamata wosindikiza mabuku, wa gulu lokana boma la mtundu uliwonse. Firmin anali atazimiririka.

Mawa lake masana, kupolisi kunafika mayi wachikulire wofunda shawelo yakuda. Anati ndi Mayi Robin, ndipo woponya bombayo anamuona. Inspekitala Gaspard Vauthier anakwera nawo kuchipinda chojambulira n'kuwayalira zithunzi za onse a m'gululo amene anagwidwapo. Aliyense anali pawiri pa khadi limodzi: chakumaso, ndi cham'mbali, khutu lili poyera.

Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Palibe, bwana." Anatuluka.

Posonkhanitsa makadi, wojambula Léonce Marchal anapeza kuti la Firmin palibe.

"Tsukani china," anatero Vauthier.

"Nditsuka pa chiyani? Galasi limene tinamujambulirapo linasweka chaka chatha."

Vauthier anakhala pansi. Chithunzicho chimayenera kupita kwa apolisi a kumalire tsiku lomwelo. Munthu angamete ndevu, angasinthe dzina, koma khutu silisintha. Nanga mayi wachikulire uja analowa bwanji m'zimenezi? Anakumbukira manja awo, ofiira, ong'aluka ndi sopo. Anatsikira ku mabwato ochapira a mu mtsinje wa Seine, n'kumafunsa bwato ndi bwato.

"Wa shawelo yakuda? Ndi a Eudoxie amenewo, mayi ake a Firmin," anatero wochapa wina. "Koma kolala ya malaya anuyo, bwana, isiyeni konkuno. Ikuchititsa manyazi boma."

Anawapeza m'kachipinda kawo ku Belleville akusita malaya. Pakhoma, pafupi ndi windo, panali theka la khadi lija, lodulidwa bwino ndi sizasi. Pa thekalo Firmin ankayang'ana kutsogolo.

"Theka linalo lili kuti, mayi?"

Analoza mbaula.

Vauthier anavula chipewa, n'kukanda m'mutu. "Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Bwanji osatentha lonse? Umboni ndikanautenga kuti?"

A Eudoxie anaimika simbi pambali.

"Inu mumafuna khutu, ndiye ndatentha khutu. Maso akewo ndi anga. Mwanayu chibadwire sanajambulidwepo kwina, koma kwa inu." Anayang'ana pakhoma. "Munamujambula bwino ndithu. Kungoti munamuopseza. Kunyumba sayang'ana chonchi."

"Ali kuti?"

"Sanandiuze, ndipo anachita bwino."

Vauthier anachotsa chithunzicho pakhoma, n'kuchiika m'thumba la jekete.

"Tiyeni, mayi."

Khoti linawapatsa a Eudoxie miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Apolisi a kumalire a Belgium analandira nkhope yandevu yopanda khutu, ndipo Firmin sanagwidwe. Woweruza atafunsa a Eudoxie ngati ali ndi mawu, anaimirira.

"Mlandu watha, bwana. Ndiye theka lija muchita nalo chiyani?"