Chikhatho cha Zala Zinayi pa Chitsulo

Mu Disembala ku Leeds kumada faifi koloko isanakwane. Tsiku limenelo, Lachinayi, anzake onse anali ataweruka, koma Asimenye anatsalira pa kompyuta, akung'ung'udza kanyimbo. Atatha miyezi isanu akuphunzira pa fakitale yopanga zikombole, abwana ake, a Terence, anamupatsa ntchito yakeyake: kulemba njira zoti mpeni wa makina udzadutsemo posalaza pamwamba pa chitsulo chachikulu. Mmawa chikadulidwa bwino, amulemba ntchito yokhazikika. Mpeni ukathyoka, basi.

Anasankha mpeni. Anauza pulogalamu kuti uzilowa theka la milimita, ndipo mzere uliwonse uzipsompsona unzake kuti pasatsale nthiti. Atadina batani, njira zobiriwira zinayala pa sikirini, zowongoka ngati mizere ya mlimi waluso. Anaomba m'manja yekhayekha.

Kenako anaona kuti chakumanzere mizere ikukhota. Mpeni unkafika pamenepo n'kunyamuka, n'kukatera patsogolo.

Anafufuta, n'kuyambiranso. Chimodzimodzi. Anasintha kuti mpeni uziyenda chopingasa. Unalambalala pomwepo. Atakuza chithunzicho, malo osiyidwawo anaoneka bwino. Chinali chikhatho. Zala zinayi.

Anaimbira mwamuna wake Enock, yemwenso ndi injiniya. Iye anaseka, nati makina ojambula chitsulo akaona kachitunda, pulogalamu imakazemba, ndipo munthu wanjala amaona zala paliponse.

"Amayi, fufutani mubwere, ana akufunsa," anatero.

Zinali zomveka. Komabe Asimenye anatenga tochi n'kutsikira kumakina.

Magetsi a kumeneko amayaka okha munthu akamadutsa. Ankayaka limodzilimodzi pamene iye ankayenda. Koma kumapeto kwenikweni, pa makina ake, getsi linali litayaka kale.

Anaitana. Zii.

Chitsulo chinali chomangidwa kale, chopakidwa oilo. Chakumanzere, pa oiloyo, panali chidindo cha dzanja lalikulu lopanda kachala kakang'ono. Chitsulo chonse chinali chozizira ngati ayezi. Anaika dzanja lake pachidindopo. Panali pofunda.

Miyendo inafuna kuthawa, koma chidwi chinaposa mantha. Anawalitsa tochi chapambali. Pakati pa chikhathocho panali kadontho konyezimira mosiyana ndi chitsulo chonse. Anakazunguliza ndi choko, n'kukwera masitepe osacheuka. Getsi lija linazima iye asanafike pamwamba.

Njira zija sanazifufute.

Mmawa a Terence anakanda kadonthoko, nkhope n'kusintha. Inali nsonga ya chiboolero cholimba, chomwe chinathyokera m'chitsulomo kumene anagula chitsulocho. Mpeni ukadagunda pamenepo ukadamwazika. A Terence anaichotsa, anawotcherera pabowopo, ndipo Asimenye analembanso njira. Ulendo uno mizere inadutsa osakhota. Chitsulo chinatuluka chowala ngati galasi, ndipo kalata ya ntchito anasaina masana omwewo.

Atawaonetsa chithunzi cha chikhatho, a Terence anangoti kale pafakitalepo panali bambo wina, Edmund, amene chala chake chinadyedwa ndi makina. Ameneyo sankadula chitsulo asanachisisite ndi dzanja. Asimenye anafunsa kuti anamwalira liti. Anamuyankha kuti ali moyo, ali kunyumba yosungirako okalamba, sadziwanso ngakhale dzina la mkazi wake.

Enock mpaka lero amati ndi pulogalamu, ndipo mwina sakunama. Makina ojambula aja amaonadi zimene diso siliona.

Koma Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Asimenye anafotokozera a Modester, mayi wa kwawo amene amasamalira okalamba. Atatchula dzina ndi chala, a Modester anamukokera pambali.

"Iwe, a Edmund ndimawasambitsa ndine. Lachinayi madzulo anangokhalira kusisita tebulo, akuti 'osadula apa, osadula apa.'"

"Anti, okalamba amalankhula zambiri."

"Eya, amalankhula. Nanga oilo amene ndinawapukuta m'dzanja, anamutenga kuti?"