Theka la Piritsi

Shayna atatsika basi ya sukulu anapeza madzi akuyenderera kuchokera mugalaja mpaka kumsewu. Mkatimo mchimwene wake Colton anali atagona chagada pasimenti, ndipo amalume awo, a Delbert, ankamuthira madzi ozizira ndi payipi yotsukira galimoto. Milomo ya Colton inali itatuwa ngati phulusa. Ankati kuliza kankonono kamodzi, kenaka zii, nthawi yaitali.

Amalumewo sanacheuke n'komwe. Anangomuuza kuti athamangire kufiriji akatenge madzi oundana onse, ndipo asayerekeze kukhudza foni. Koma foniyo inali kale m'manja mwake.

"Ndati bweza m'thumba chimenecho," anatero a Delbert. "Ukufuna apolisi adzadze pakhomo pano? Mnyamatayu ntchito wayamba sabata yatha yomweyi. Akamuchotsa uzimudyetsa ndiwe?"

A Delbert anagwira ntchito kumgodi wa malasha mpaka msana unawathera. Masiku amenewo mapiritsi opha ululu anali mbwee m'mapiri onse a Kentucky, ndipo iwo anawamwa zaka khumi ndi ziwiri asanasiye. Nkhaniyi ankainyadira. Pa chakudya chilichonse ankati ana a lero ndi olobodoka, amangokokomeza zinthu, vuto lenileni analiona ndi iwo amene ankameza mapiritsi khumi n'kudzuka kupita kuntchito. Tsopano, payipi ili m'manja, anakumbutsa Shayna kuti iwo anadzutsapo anthu asanu ndi madzi ndi makofi basi, iye asanabadwe.

"Mwa asanuwo, ali moyo ndi angati?" anafunsa Shayna.

Anamuyang'ana ngati amumeze. Shayna anatchula nambala ya nyumba mokweza kwa mayi amene anayankha foni yoitanira ambulansi, kwinaku akukhutula chikwama chake pansi. Pakati pa makope panagwa kabokosi kamene anesi a kusukulu anagawira aliyense wofuna. Munali timankhwala tiwiri topopera m'mphuno, totsitsimutsa munthu amene mankhwala ozunguza bongo amuimitsa kupuma.

A Delbert anamuimirira kutsogolo. Anati zidole za kusukuluzo akaseweretse kwina, mwana wa mlongo wawo sangamuyesere kamtsikana kosadziwa ngakhale kukazinga dzira. Shayna anawadutsa m'mbali, iwo n'kumukoka juzi, madzi a m'payipi n'kumunyowetsa msana wonse.

"Ndisiyeni, amalume. Akafa, amayi ndikawauza kuti munandigwira ndinu."

Dzanja lija linamasuka. Shayna anagwada m'madzimo, napendeketsa mutu wa Colton, nalowetsa kamankhwala kaja m'mphuno n'kukanikiza. Palibe chinachitika. Amalume anaseka mwachipongwe nati waona tsopano, dokotala wamkulu. Mayi wa pafoni uja anamuuza kuti azimuuzira mpweya m'kamwa, awerenge mphindi ziwiri, akapanda kusintha apope kachiwiri. Anauzira. Milomo ya mchimwene wake inali yozizira. Mphindi ziwirizo zinatalika kuposa tsiku lonse la sukulu. Anapopa kachiwiri.

Colton anakoka mpweya mwamphamvu, natembenuka, nasanza. Atangotsegula maso n'kumva kulira kwa ambulansi chapatali, anakankha mlongo wake pachifuwa. Anamutukwana, namutcha kazitape, nati wamuwonongera moyo ndipo asadzamulankhulenso. Shayna anangokhala pansi m'madzi muja.

Mayi wa mu ambulansi anali wamfupi, wa maso otopa. Anafunsa Colton chimene wamwa. Iye ananyinyirika, kenaka anavomera kuti mnzake wa kuntchito anamupatsa piritsi limodzi chifukwa phewa linkamuwawa ndi kunyamula makatoni. Analidula pakati poopa kugona. Theka linalo linali pa thabwa la zipangizo, pafupi ndi sipanala.

A Delbert anati limenelo ndi bodza. Theka la piritsi silingagwetse chimunthu chotere, iwo mapiritsi amenewo amawadziwa mtundu wake ndi chidindo chake chomwe.

"Bambo, anu aja ankapangidwa kufakitale, ali ndi muyeso," anatero mayiyo akumanga malamba a machira. "Awa amaumba aliyense, n'kuthiramo mankhwala oopsa a fentanili mongoyerekeza ndi maso. Lero lokha uyu ndi wachitatu, ndipo ndi yekhayu amene tikumunyamula akutukwana."

Wapolisi anabweradi. Analemba maina, naika theka lija m'kapepala ka pulasitiki, nachoka. Zoti Colton amuchotsa ntchito kapena ayi, palibe anadziwa. Pamene ankamukweza mu ambulansi, iye anatembenuzira nkhope kukhoma kuti asaone mlongo wake.

Shayna anaimbira amayi awo kuntchito, nawauza dzina la chipatala. Kenaka anayamba kutola makope ake, onse atanyowa, masamba atamatana. Amalume anatseka mpope. Anakulunga payipi pang'onopang'ono, naipachika, naitsitsanso ngati sanaikulunge bwino. Anati tsiku lina adzamvetsa kuti iwo amafuna kuteteza banja. Shayna anati sakufuna kumva chilichonse chochokera kwa iwo lero, ngakhale mawa.

Anaima chomwecho a Delbert, nsapato zili m'madzi, akuyang'ana timabotolo tiwiri topanda kanthu tili pasimenti. Anatola kamodzi, nakatembenuza ndi zala zawo zikuluzikulu.

"Timeneti amapatsa ana a sukulu okha?"

Shayna sanawayang'ane. Anafinya juzi lake nati kunyumba yowerengeramo mabuku amagawa kwa aliyense, safunsa dzina, koma amatseka faifi koloko.

A Delbert anayang'ana wotchi ya pamkono. Analowa m'nyumba osapukuta mapazi, natuluka ndi makiyi a galimoto.