Tsitsaniko, Mwana Wagona

Anali madzulo a tsiku la msika pa Tsangano. Malole a kachewere anali atanyamuka kale, ndipo kamphepo ka mu Juni kanali katayamba kuluma makutu. Chrispine, amene ankatchaja mafoni ndi kubenera anthu nyimbo m'kashopu kake kumunsi kwa msika, anali asanatseke. Mnzake Kingston, wokonza makompyuta wa ku Ntcheu boma, ankamaliza kumuikira pulogalamu yatsopano mu kompyuta.

"Kwatsala chimodzi," anatero Kingston. "Ikamayaka, voliyumu iziyambira pati? Ambiri ndimawaikira pakati."

"Pakati ndi za muofesi. Pano ndi pamsika. Ika kumapeto."

"Ndi masipika awawa? Ugontha, aise."

"Kasitomala amatsata phokoso. Ika."

Kingston anaika. Anakonzanso zoti kompyutayo ikangoyaka nyimbo ziziyamba zokha, ndiponso kuti magetsi akathima n'kubweranso iziyaka popanda woikhudza. Anayesa. Malata a kashopuko ananjenjemera. A Gracian, telala wa khomo loyandikana, anasuzumira atagwira sizasi, napukusa mutu, n'kubwerera ku makina awo.

Kwa kanthawi zinthu zinayenda. Achinyamata ankadzaza pakhonde.

Ndiye m'mawa wina Chrispine anayatsa kompyuta, nyimbo n'kutuluka ngati munthu akunong'ona. Kamzere ka voliyumu kanali pansi. Anakweza, n'kuiwala. Mawa lake chimodzimodzi. Anamuimbira Kingston.

"Sizingatheke," anatero Kingston. "Ngakhale utsitse masana, ikayakanso imabwerera kumapeto. Pokhapokha wina atalowa mkati mwenimweni n'kusintha pamene ndinaika ine."

Anamulondolera pafoni, dinani apa, tsegulani apo. Anapezadi pasinthidwa. Anabwezera. Kutacha, pasinthidwanso.

Chrispine anayamba kuyang'ana anthu ndi diso lina. Loko anali bwinobwino. Zenera linali ndi zitsulo. Sipanasowe foni ngakhale imodzi. Wakuba wanji amalowa m'shopu kudzangotsitsa voliyumu?

Woyamba kumuganizira anali a Gracian. Anawapeza akusoka yunifolomu, makasitomala ali pomwepo.

"Ngati nyimbo zanga zikukusowetsani mtendere, bwanji osandiuza pamaso?"

A Gracian anaimitsa makina. "Ndinakuuzani pamaso, achimwene, simunamve. Koma zolowa m'nyumba ya munthu usiku, ine ayi. Foni yangayi nambala amandisungira ndi ana. Kompyuta ndiiyambira pati?"

Zinali zoona, koma Chrispine sizinamukhutitse. Munthu akhoza kutuma wina. Ndipo kiyi wachiwiri anali kunyumba, kwa mkazi wake Tawina, amene anali woyembekezera mwana wawo woyamba, miyezi itatha ndithu. Madzulo anamufunsa mozungulira.

"Kiyi uja sunabwerekeko munthu?"

"Ali pamsomali pomwe munamusiya."

"Iweyo sunapiteko?"

Tawina anasiya kusenda kachewere. "Kumene kuja ine sindipondako. Inunso mukanamatsekako dzuwa likadalipo."

"Chifukwa?"

Tawina anatola mpeni n'kupitiriza.

Tsiku lotsatira anauza Tawina kuti akagona kwa mbale wake. Magetsi anali atathima chimasana. Anthu atabalalika, anabwerera mozemba, analowa m'shopu, natseka ndi mpiringidzo mkati. Anakhala pansi kuseri kwa kauntala, atafunda bulangete, mpini wa khasu uli pamiyendo.

Chifunga chinatsika. Njinga yamoto yomaliza inadutsa kulowera mbali ya ku Mozambique. Agalu anauwa, kenako anasiya.

Mwadzidzidzi babu linawala. Kompyuta inalira kamodzi, n'kuyaka. Nyimbo zinaphulika, voliyumu ili kumapeto monga anaisiyira. Chrispine sanaikhudze. Anati mwini nkhani abwere yekha.

Go, go, go.

Kunali kugogoda kofatsa, kwa chala chimodzi. Chinamudabwitsa n'choti anakumva bwinobwino pakati pa phokoso lonselo.

"Odi."

Mawu a mzimayi. Chrispine anagwira mpini, natsegula kazenera koperekera mafoni, n'kuunika ndi tochi.

Panaima mayi wamfupi, chitenje chitaphimba mutu mpaka pamphumi. Kumbuyo anabereka mwana, womufunditsa yense. Analibe nsapato.

"Tsitsaniko, bambo. Mwana wangogona kumene."

"Ndinu ndani, mayi? Mumakhala pati?"

"Pompano."

Chrispine ankadziwa khomo lililonse kumunsi kwa msikako. Uyu sanamuonepo.

"Wakutumani ndani? A Gracian?"

"Tsitsaniko."

Mayiyo sanakalipe. Sanachondererenso. Chrispine anangoona dzanja lake lapita pa mausi. Anatsitsa kufika pakati.

"Tsitsaninso."

Anatsitsa.

"Tsitsaninso, bambo."

Kamzere kanafika pansi penipeni. Masipika anati zii.

"Ikumvekabe."

Chrispine anatchera khutu. Chimene chinkamveka ndi kafani ka mkati mwa kompyuta basi, kamene munthu sungakamve uli panja. Anazula pulagi kukhoma.

Mayiyo sanachoke. Pamenepo m'pamene Chrispine anayamba kuona zina. Mapazi ake anali ndi matope akuda, aawisi, pamene mvula inali itasiya kalekale. Mpweya wa Chrispine unkatuluka ngati utsi m'kuwala kwa tochi. Pakamwa pa mayiyo sipankatuluka kanthu. Ndipo chimene anaberekacho chinali chaching'ono kwambiri, ngati kamtolo ka mpiru. Mwana wobadwa dzulo amaposa pamenepo.

"Zikomo," anatero mayiyo. Anatembenuka pang'ono, n'kuimanso. "Amayi akunyumba atsala pang'ono, eti?"

Mayiyo anapitiriza.

"Kwathu kuno malo alipo. Koma wanuyo bola akagone kwanu."

Anayenda motsatira khoma, n'kukhotera kuseri kwa shopu. Kuseri kuja kulibe nyumba. Kuli kamtunda kotsetsereka, tchire, kenako dambo.

Chrispine anatseka kazenera. Anathimitsa babu, kenako anayatsanso. Anakhala pansi, msana utatsamira khoma lakumbuyo, ndipo kudzera m'njerwamo anamva kung'ung'udza. Kunali kotsika, kwapakhosi, kumene mayi amachita pogoneka khanda. Anamvetsera. Sanali munthu mmodzi. Wina akaleka, wina ankalandira, chakumunsi.

Anachoka pakhomapo n'kukakhala pakati pa chipinda. Sanagone.

Kutacha, a Gracian pobwera kudzatsegula anamupeza ali pakhonde, bulangete lili m'mapewa. Chrispine anawafotokozera zonse, maso ali pankhope pawo, kufuna kuona ngati angamwetulire. Sanamwetulire. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Izi si za amuna, achimwene. Dikirani."

Anaitana akazi awo, a Selestina, amene ankayala mandasi chapafupi. A Selestina anamva nkhaniyo atagwira pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Kuseri kwanuku n'kumene timataya nthayo. Ana opita padera, ndi amene amwalira asanatuluke m'chikuta. Timapita azimayi okhaokha, mbandakucha. Sitilira mokweza. Amayi ena amene anapita pamodzi ndi makanda awo, akuti amabwera kudzawalera."

"Nanga pamene ndinkamanga, bwanji simunandiuze?"

"Mwamuna sauzidwa malo amenewo. Tinkati nyumba payokha ilibe mlandu. Sitinkadziwa kuti mubweretsa masipika."

Chrispine anathamangira kunyumba. Anamupeza Tawina akusesa, ali bwinobwino. Atamuuza, Tawina anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Mwanayo munamuona kunkhope?"

"Ayi."

"Ndiperekezeni kwa amayi ku Biriwiri. Lero lomwe."

Anamuperekeza. Pobwerera anamuimbira Kingston kuti amulondolerenso. Ulendo uno anafuna kuti kompyuta iziyamba ili duu, nyimbo zisamayambe zokha, ndipo magetsi akabwera isamayake.

"Pa ziro penipeni?" Kingston anaseka. "Si iwe unkati pakati ndi za muofesi?"

"Ingondiuza podina."

Nkhani inafala pa Tsangano, ndipo anthu anagawanika. Azimayi pa mjigo amaikamba monong'ona, ena amangoti Chrispine ali ndi mwayi kuti anachenjezedwa. Anyamata a njinga zamoto akuti palibe chinachitika. Akuti a Gracian ndi akazi awo anangopeza mayi wa tsidya la malire, n'kumuberekesa nsanza, n'kumupondetsa m'matope. Taonani, amatero, telala uja masiku ano akusoka akuimba mluzu.

Chrispine naye maganizo amenewo amamufikira. Amawayang'ana a Gracian nthawi yaitali. Amamvetsera mawu a mzimayi aliyense wobwera kudzatchajitsa foni. Koma akafika pa funso la amene ankalowa m'kompyuta chitseko chili chokhoma, ndi amene anamuuza mlendo za mimba ya Tawina, maganizo ake amaima.

Makasitomala achepa. Ambiri akupita kwa wa nyimbo wa kumtunda, amene masipika ake amamveka mpaka pa siteji. Otsalawo amadandaula.

"Kwezaniko, bwana, timve ngati yalowa bwino."

Chrispine amawapatsa mahedifoni.

Tawina sanachirebe. Foni ya Chrispine ndi yokhayo m'shopumo imene ili yokweza mpaka kumapeto, ndipo ikalira, amayamba waiyang'ana kaye asanayankhe.