Chikwama cha Mabuku ku Twickenham

Etta anachoka ku Twickenham mochedwa, ndipo panalibe womuloza chala koma iye mwini. Tsiku lake lopuma pa ntchito yosamalira okalamba analithera m'nyumba za olemba mabuku akale, akusuzumira madesiki a anthu amene mabuku awo ankamukwapulitsa ku sekondale. Tsopano sitima yomaliza yobwerera ku Tottenham inali pafupi kunyamuka ku Richmond. Anadulira kanjira ka m'mbali mwa Thames, osadziwa kuti mtsinjewo ukadzaza umameza kanjirako.

Atangopitirira manda a patchalitchi, anaona bambo wokalamba akulimbana ndi chikwama.

"Mwaswera bwanji, mwanawe?"

Chichewa! Ku Twickenham! Etta anasangalala mpaka kuiwala mantha.

"Ndine Lyson Chadza," anatero mkuluyo. "Mabukuwa andilemera kwa nthawi yaitali."

Etta analeredwa ku Dedza, kumene sungasiye munthu wamkulu akuvutika ndi katundu iwe manja ali lende. Anapinda mawondo, nalandira chikwamacho ndi manja awiri, lamba wake n'kumukulunga padzanja.

Chinali chozizira. Chinkadontha.

Mkuluyo anatsogola. Etta ankangomva kulira kwa nsapato zake zokha, za mkuluyo ayi. Chifunga chinaphimba nyale. Kenaka madzi anamulowa m'nsapato.

"Bambo, njirayi yasefukira. Tibwerere, tidzere ku main road."

"Tiyeni, ndi pompano," anayankha osacheuka.

Madzi m'akakolo... M'mawondo... Chikwama chinalemera ngati thumba la simenti, chikumukokera pakati pa mtsinje. Mtima unati ponya! Ulemu unati katundu wa wamkulu satayidwa. Anazengereza, madzi n'kufika m'chiuno.

Mkuluyo anacheuka. M'kamwa mwake munkatuluka matope.

"Mundifikitsire pansi pomwe, mwanawe..."

"Mayo ine!"

Etta anakutumula dzanja. Lamba anamugwira zolimba. Etta analuma lambayo ndi mano, anakoka, anakokanso. Thu! Lamba anaduka, chikwama chinamira osasiya n'thovu lomwe.

Anakwawira kumtunda akulira, mpaka anagwira benchi imene inali pansi pa nyale. Sitima anali ataiiwaliratu. Pamene ankapukuta maso, anaona kachitsulo kolembedwa, kokhomedwa pa benchipo. Anayamba kuwerenga.

Kanali kokumbukira Lyson Chadza, mphunzitsi wochokera ku Malawi, amene ankakonda kuwerengera pamenepo. Anamira mu 1996, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, akuthamangira chikwama chake cha mabuku chimene madzi anatenga.

Etta anayang'ana padzanja lake. Chiduswa cha lamba chinali chikadali pomwepo, chowola, chobiriwira ndi ndere.