Datsun Yofiira pa Mlatho wa Nyansembe

Uthenga unamupeza Symon ali pansi pa lole, dzuwa litapendeka kale. Anabwera nawo mayi wina wogulitsa nsomba wochokera ku Marka. Anati amayi ake, a Dorika, sanalankhule kuyambira m'mawa, ndipo atsibweni ake a Geresomo akuti asagone pa Boma.

Symon anali makaniko pagalaja ya a Howard pa Nsanje, ndipo anali atangokwanitsa zaka makumi awiri. Munali mu Novembala wa 1991. Nkhondo ya ku Mozambique inali itaimitsa sitima ya kumalire, ndipo kukada palibe dalaivala amene ankafuna kulowera kumwera. Anaima pamsika mpaka mdima, akuimika galimoto iliyonse, koma zonse zinkapita kumpoto. Cha m'ma naini anangouyamba wapansi, ovolosi ali chivalire, pulayazi ndi tochi zili m'thumba limodzi ndi khadi la chipani.

Kunali kotentha ngakhale usiku. Udzudzu unkamutsata kuchokera kudambo la Ndindi. Anadutsa misasa ya othawa nkhondo, moto wawo ukuzilala, ndipo kutsidya kwa Shire kunkamveka mfuti mwa apo ndi apo. Iye maganizo ake onse anali pa amayi ake.

A Dorika anamulera okha. Ankakumba nyika, mizu yodyedwa ya m'dambo, madzi akulekeza m'chiuno, ndi kuluka mphasa mpaka zala zinapindika. Za bambo ake Symon ankadziwa nkhani imodzi yokha, imene atsibweni ankaikamba mosayang'ana munthu kumaso: kuti iye atangobadwa, bamboyo anakwera galimoto yake n'kuthawira ku Beira ndi mkazi wina. A Dorika anatentha zithunzi zonse. Dzina la mwamunayo sankalitchula, ndipo sanakwatiwenso.

Pakati pa usiku patadutsa, Symon anafika pamlatho wa Nyansembe, pamene msewu umapanikizana ndi dambo. Achule amene ankalira njira yonse anangoti zii, onse nthawi imodzi.

Anaima.

Pakati pa mlathowo panali galimoto, boneti ili yasa. Munthu anali ataweramira mu injini.

Symon anaganiza zolambalala, koma uku kunali madzi, ukunso madzi. Anayatsa tochi. Kuwala kunagwera pa galimoto yofiira, ndipo mantha anayamba kuchepa, pakuti anaidziwa. Inali Datsun 1600, yeniyeni yakale ija ya nyali zinayi. Zoterezi zinkabwera kugalaja zitatheratu, zitseko zomanga ndi waya, eni ake aphunzitsi opuma ntchito amene ankakana kuzigulitsa ngakhale zitasowa sipeya. A Howard ankati Datsun ukaisamala imakwirira mwini wake. Koma iyi inalibe dzimbiri ngakhale pamodzi. Utoto unali waliwali.

“Mwaswera bwanji, achimwene?” anatero Symon.

Munthu uja anaweramuka pang'onopang'ono. Anali wamtali, wazaka zosafika makumi atatu. Anavala buluku lotambalala kumapazi, ndipo tsitsi lake linali lalitali, zinthu zimene palibe mwamuna akanayerekeza masiku amenewo.

“Yandikanira, m'bale wanga,” anatero ndi mawu otsika, Chisena chikumveka m'lilime lake. “Chiyambire sinandikanirepo. Lero ndiye yandikanira.”

Symon anayang'ana njira ya kwawo. Amayi ankamudikira. Komabe anaganiza kuti galimotoyi ikalira, mtunda wotsalawo aukwera.

“Ndine makaniko. Tiyeni tione.”

“Makaniko!” Munthu uja anaseka pang'ono, nasisita denga la galimotoyo ngati msana wa ng'ombe. “Ndiye ukuidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakumba pansi ku Joni chifukwa cha iyeyu. Ankatiuza kuti galimoto yothamanga ndi ya mabwana okha. Aku Japan awa anayamba ndi timagalimoto tonga zitini, anthu n'kumawaseka. Lero apanga yoti ngakhale ife tigule. Wamva pa wayilesi? Ku Kenya, pampikisano wa m'matope uja, Datsun yawasiya onse. Chaka chatha, chaka chinonso!”

“Zimenezo n'zakale, achimwene. Dzina la Datsun analisiya. Masiku ano amangolemba kuti Nissan.”

“Analisiya?” anatero munthu uja. “Ayi... Sangalisiye. Angoyamba kumene.”

Symon anati mwina munthuyo walawa kachasu. Anaweramira mu injini, tochi ataluma kukamwa. Injiniyo inali yozizira. Osati kuzizira kwa galimoto imene yaima ola limodzi. Inali yozizira ngati mtsuko. Inkanunkha matope. Pafupi ndi batire anakhudza chinthu choterera, nachikoka. Unali muzu wa namasupuni.

Anautaya msanga. Sanafunse.

Vutolo analipeza posachedwa. Mawaya opita ku koyilo anali oduka, onse atatu.

“Awa sanaduke okha,” anatero. “Uwu ndi mpeni.”

“Eya. Anadula.”

“Ndani?”

“Anthu aja. Anagoneka chipika pamsewu. Anati nditsike.”

Symon anatembenuza tochi uku ndi uku. Panalibe chipika. Panalibe munthu. Bango lokha, ndipo nalonso silinkagwedezeka.

Anayamba kusenda mawaya. Munthu uja anaima pambali pake, pafupi kwambiri, koma Symon sankamva kupuma kwake. Ankangomva madzi akudontha. Tho... tho... tho... Mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

“Uli ndi manja abwino,” anatero mlendoyo. “Anakuphunzitsa ndi bambo ako?”

“Ndilibe bambo.”

“Anamwalira?”

“Bola akanamwalira.” Symon anapota waya mwaukali. Mwina chifukwa cha mantha, mwina chifukwa cha amayi ake, mawu anangotuluka. “Anatitaya ngati zinyalala. Amayi anga avutika ngati kapolo, iye akudya bwino ku Beira. Pano amayiwo ali gone kumudzi, sakulankhula. Nditakumana naye munthu ameneyo, ngakhale madzi akumwa sindingamupatse.”



“Mwina anachedwa panjira,” anatero mlendoyo.

“Zaka makumi awiri?”

“Panjira munthu amachedwa, m'bale wanga.”

Symon analumikiza waya wotsiriza, nauza munthuyo kuti ayese. Chitseko chitatseguka, madzi anakhuthukira pamlatho. Madzi akuda, a nkhono zazing'ono. Ananyowetsa nsapato za Symon.

Kiyi inatembenuka. Injini inakhosomola kamodzi. Kawiri. Kenaka inalira, bwinobwino, mosalala ngati yochokera m'sitolo. Nyali zonse zinayi zinayaka.

Munthu uja anagwira chiwongolero ndi manja awiri, natsamiritsa chipumi pamenepo. Mapewa ake ankagwedezeka.

“Takhuta,” anatero pothokoza m'Chisena. “Takhuta, mwanawe. Ndadutsidwa ndi anthu ambiri pano. Onse amathawa.”

Symon anafuna kupempha kuti akwere, koma maso ake anagwera m'kati mwa galimotoyo. Pampando wam'mbuyo anaona mtolo wa matewera atsopano ndi kashawelo koyera, zonse zili zonyowa.

“Mukupita kuti?” anafunsa monong'ona.

“Kukatenga mkazi wanga. Wachira dzulo, kwa amayi ake. Mwana wamwamuna! Ine ndinali ku Limbe, sindinamuonebe.” Anadzutsa mutu, nayang'ana kutsogolo. “Dorika akhala atakwiya. Ndinamuuza kuti ndifika dzuwa lisanalowe.”

Tochi inagwa m'manja mwa Symon.

“Mwati ndani?”

Galimoto inali itanyamuka kale. Inathamanga kulowera ku Marka, koma fumbi silinabuke. Nyali zofiira zinachepa... zinachepa... zinazima.

Achule anayambiranso.

Symon anathamanga. Anagwa, nadzuka. Nsapato imodzi inatsala m'njira. Ankafuula kuti imani, imani, koma ankayankhidwa ndi agalu okha. Mtunda umene masana ankauyenda maola awiri sanadziwe kuti anaumaliza bwanji.

Kulira anakumva asanafike pamudzi.

Amayi a m'mudzimo anali atadzaza kale m'nyumba. A Dorika anagonekedwa pamphasa, atafunditsidwa chitenje, kumutu atavala duku lawo la ku tchalitchi. Symon anagwada, nagwira dzanja lawo. Linali lidakali lofunda.

A Geresomo anamudzutsa, napita naye kuseri kwa khola la mbuzi. Anali nkhalamba yowonda, msodzi moyo wake wonse.

“Wachedwa pang'ono chabe,” anatero. “Tsiku lonse sanatsegule maso. Kenaka tinamva hutala panja, kawiri. Ndinatuluka, kunalibe kanthu. Pobwerera ndinapeza mlongo wanga atakhala tsonga, akuti timuveke duku. Anati, ‘Hilario wafika.’ Dzina limene sanalitchule chibadwire iwe! Anayang'ana pakhomo n'kunena kuti, ‘Mwachedweranji chonchi?’ Basi, anagona.”

“Atsibweni, galimoto ya a Hilariowo inali yotani?”

Nkhalamba inamuyang'ana.

“Inali Datsun yofiira?” anatero Symon. “Ndaikonza ndi manja angawa. Pa Nyansembe. Mawaya anali odula ndi mpeni.”

A Geresomo anakhala pansi pa ndowe za mbuzi. Anayang'ana uku ndi uku, ngati kuti ngakhale pamaliro pali makutu, ndipo analankhula motsitsa mawu.

“Bambo ako sanapite ku Beira. Sanamudziweko mkazi wina aliyense. Anafera pamlatho pomwepo, mu 1971, iwe uli ndi tsiku limodzi.”



“Galimoto ija inawawa anthu m'maso. Mwana wa anthu obwera kuchokera kutsidya, n'kumayenda pa galimoto yofiira? Wina anakamunenera kuti amazembetsa anthu pamalire. Linali bodza. Iye ankangonyamula odwala ndi akwati, ndipo Loweruka ankakweza ana a m'mudzi muno kuti amve mphepo. Usiku umenewo ine ndinali m'bwato, m'bango, ndikuonjola ukonde. Ndinaona amuna anayi pa galimoto yopanda nambala. Anamutsitsa. Iye ankangoti, ‘Ndiloleni ndikamuone mwana, kenaka munditenge.’ Atamaliza zawozo anamubwezera pampando wake, n'kukankhira galimoto m'dambo.”

“Inu munali pomwepo.”

“Ndinali pomwepo. Mmodzi anandiunika. Anati, ‘Takudziwa. Zikamveka, mlongo wako ndi khanda lake atsatira.’ Amayi ako ndinkawadziwa ine. Akanamva zoona akanapita pa Boma, iwe uli kumbuyo, kukafunsa. Sakanabwerako. Ndiye ndinapeka za ku Beira. Ndinkati ndiwauza chaka chamawa, zinthu zikafewa. Chaka chamawa, chaka chamawa... Ndinasankha kuti adane naye koma akhale ndi moyo.”

“Adana naye zaka makumi awiri,” anatero Symon. “Inenso. Ndawatukwana pamaso, atsibweni. Usiku uno. Iwo n'kundithokoza.”

A Geresomo anaphimba nkhope ndi manja.

“Ngakhale dzina uli naloli ndinakupatsa ndine,” anatero. “Iye anali nalo lake. Popita ku Limbe tinamufunsa, anakana. Anati akalinena atakunyamula m'manja.”

A Dorika anaikidwa tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu. Abusa ananena kuti anali mayi wopirira amene mwamuna wake anamusiya, ndipo anthu anavomereza. Symon anayang'ana atsibweni ake. Nkhalamba inagwedeza mutu pang'ono, kumuchenjeza. Iye anameza mawu, pakuti nthawi zoopsa zija zinali zisanathe.

Anthu atabalalika, sanadikire kumeta. Anabwerera yekha ku Nyansembe, nafika kukuda. Anakhala pamphepete pa mlatho, miyendo ikulendewera pamwamba pa madzi, nadikira. Panadutsa munthu wa panjinga. Panadutsa asodzi awiri, namupatsa moni, iye osayankha. Mwezi unatuluka, unakwera, unapendeka.

Kutatsala pang'ono kucha anaimirira, nayang'ana m'dambo, pamene namasupuni anaphimba madzi onse. Anayesa kutsegula pakamwa. Liwulo anali asanalitchulepo kwa munthu aliyense, ndipo linatuluka lophwanyika ngati la mwana wophunzira kulankhula.

“Baba!”

Anaitananso, mokweza.

“Baba, ndine! Dzina langa ndani?”

Mbalame ziwiri zinauluka m'bango. Madzi sanagwedezeke.

Anabwerako usiku wotsatira, ndi wotsatirawo, mpaka mvula inagwa n'kumiza msewu. Galimoto yofiira sinaimenso pamenepo.