Mawu a Kuseri kwa Katani

Tuva anayamba kulakalaka kuti pakamwa pake pakadakhala ndi zipi. Anali ataima m'khonde la sukulu, jekete lake likudontha madzi a chipale chofewa chimene chinkagwa panja, ndipo Melker, mnyamata wa m'kalasi mwake amene sankalola nkhani kudutsa osaifufuza, anali atamuika foni pamphuno.

"Ndasaka dzina la mayi ako m'mindandanda ya oyimba chaka ndi chaka," anatero Melker. "Annelie Forsgren mulibemo. Kapena ankayimba ali m'basi, mawindo otseka?"

Anzawo anaseka. Aliyense m'tawuni ya Sundsvall, ku Sweden, ankawadziwa mayi a Tuva. Ndiwo ankayendetsa basi yodutsa pasukulupo, ndipo m'mawa uliwonse ankakuwa kuti ana asunthire kumbuyo. Tuva nayenso ankakwera basi imeneyo, koma ankadutsa mayi akewo mwakachetechete n'kukakhala pampando womalizira.

Vuto linayamba ndi a Gunvor, aphunzitsi a nyimbo. Unali mwezi wa Febuluwale, nthawi imene dziko lonse limapenga ndi mpikisano wosankha nyimbo yoti ikaimire Sweden pamaso pa mayiko ena. A Gunvor anagawira ana zaka za mpikisanowo kuti aliyense adzafotokoze mbiri yake Lachisanu, makolo ali pomwepo. Ena anapatsidwa nthawi ya zithunzi zopanda mtundu, pamene woyimba ankaima chilili kutsogolo kwa gulu loyimba zida za zingwe ndi malipenga. Ena anapatsidwa nthawi imene oweruza a m'mizinda ankalengeza mapointi mmodzimmodzi, anthu akudya zikhadabo kunyumba. Tuva anapatsidwa zaka zimene anthu anayamba kuvota pafoni, ndipo chisangalalo chitamukwera, anangoti mayi ake anayimbapo mumpikisanowo.

Silinali bodza, koma chinali choonadi chodula mchira. Mayi ake anayimbadi, koma ngati wopolokoza. Woyimba wamkulu wa chaka chimenecho anafuna kuti pasiteji padzaze ovina, choncho opolokoza anawaimika kuseri kwa katani yakuda, aliyense ndi maikolofoni yake. Mawu awo anamveka m'nyumba zonse za m'dziko, koma kamera sinawapezepo ngakhale chala.

Madzulo ake Tuva ankangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Anatsegula firiji, natseka. Anakhala pansi, nadzuka. Pomaliza anafunsa mayi ake ngati anali ndi chithunzi cha tsiku lija. Mayiwo anasiya mbatata zimene ankasenda, nathamangira kuchipinda ali mwetumwetu. Chithunzi chimene anabwera nacho chinamukhumudwitsa Tuva. Munali mtsikana wovala juzi yakuda, atakhala pabokosi pakati pa mawaya, akudya nthochi.

"Ndi chokhachi, Mama?"

"Chokhachi. Uone mmene ndinalili wowonda," anatero mayiwo akuseka. Kenaka anafotokoza mmene mtima unkawagundira kuseri kuja, ndiponso kuti woyimba wamkulu uja anawakumbatira akulira zonse zitatha. Tuva sanamve zambiri. Chimene anagwira n'chakuti Lachisanu mayi ake anali pantchito masana onse, ndipo sakanatha kubwera kusukulu.

Kuchipinda kwake anaonera kanema wa nyimboyo mobwerezabwereza mpaka maso kuwawa. Kumbuyo kwa woyimba wamkulu kunali ovina ovala zonyezimira, ndipo mmodzi wa iwo, wakumapeto, anali ndi tsitsi lofanana ndi la mayi ake. Kanemayo anali wakale, nkhope sizinkaoneka bwino. Ganizo linamulowa m'mutu ndipo linakana kutuluka. Akangoloza wovinayo, Melker adzatseka pakamwa, ndipo mayi ake sadzadziwa kanthu. Anadziuza kuti palibe amene apwetekedwe.

Lachisanu linafika. M'chipinda cha nyimbo munadzaza fungo la khofi ndi mabanzi a sinamoni. Makolo anakhala pamipando ya ana, mawondo ali m'mwamba, ndipo atsikana ena anali atakulunga nthenga zapinki m'khosi monga amachitira anthu usiku wa mpikisano. A Gunvor anazimitsa magetsi kuti zithunzi zizioneka pakhoma. Melker anafotokoza gawo lake bwino kwambiri, zimene zinangomuwonjezera Tuva mkwiyo.

Itakwana nthawi yake, Tuva analankhula mothamanga ngati akuthawa galu. Anafotokoza za mafoni, za mizinda imene mpikisano unayamba kuyendera, za mabanja amene ankakangana pampando chifukwa cha nyimbo. Kenaka anayatsa kanema uja, nauimitsa pakati. Analoza wovina wakumapeto uja.

"Awa ndi mayi anga," anatero.

M'chipindamo munamveka kung'ung'udza kwa kudabwa. Wina anaomba m'manja, ena n'kutsatira. Melker anatsinzina diso limodzi akuyang'anitsitsa pakhoma. Tuva anapuma, akuganiza kuti wapulumuka.

Apo a Gunvor anayatsa magetsi.

Pafupi ndi chitseko, pamene anthu anapachika majekete, panaima mayi ake. Anali mu yunifolomu ya basi, chipale chikadali pamapewa, m'manja atagwira chithunzi cha nthochi chija. Zinali zoonekeratu kuti anasinthana ntchito ndi mnzawo n'kuthamanga kuti amudzidzimutse. Sanakwiye, sanapukuse mutu. Anangomwetulira pang'ono, nalowetsa chithunzicho m'thumba, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka majekete aja anawaphimba. Ankachita zimenezi kuti anthu asatembenuke n'kuyamba kufananiza nkhope yawo ndi ya pakhoma.

Chimenecho n'chimene chinamulasa Tuva. Mayi ake ankadziwa bwino kuima pamalo posaoneka, ndipo lero amene anawakokera katani anali mwana wawo yemwe. Manyazi amene anamugwira anaposa onse amene Melker akanatha kumuchititsa.

"Dikirani," anatero Tuva. "Ndanama. Wovinayo sindikumudziwa n'komwe."

M'manja munasiya kuombedwa. Tuva anapempha a Gunvor kuti azimitse chithunzi pakhoma, asiye mawu okha. Aphunzitsiwo anadina batani. Nyimbo inayambanso khoma lili mbee. Chakumapeto, pamene woyimba wamkulu anali atatopa ndi kuvina, mpweya wake unayamba kuduka. Pomwepo mawu ena anatulukira pansi pa ake, olimba ndi osagwedera, nainyamula nyimboyo kuikweza mpaka pamwamba.

"Amenewo ndiwo mayi anga," anatero Tuva. "Anali kuseri kwa katani. Panonso ali kuseri kwa majekete, chifukwa cha ine."

Mitu yonse inatembenuka. Mayi Annelie anatuluka pang'onopang'ono, makutu atafiira, akukonza kolala ya yunifolomu. Melker anapempha kuti gawolo libwerezedwe. Atamvetseranso, anakanda kumutu n'kunena kuti mawuwo akuwadziwa, ndi omwe aja amamuuza m'mawa uliwonse kuti achotse chikwama panjira. Makolo anaseka, ndipo bambo wina anafunsa ngati pali chithunzi. Chithunzi cha nthochi chinayenda m'manja mwa anthu mpaka khofi anazizira.

Koma Tuva sanaseke nawo. Atatuluka panja, kutayamba kale kuda monga kumachitira nyengo yozizira, anayenda pambali pa mayi ake kulowera kokwerera basi. Anayesa kupepesa. Mayi ake anapitiriza kuyenda, nsapato zikulira m'chipale.

"Kusaoneka pa tivi sikunandipwetekepo," anatero pomaliza. "Ndinkadziwa kuti akundimva. Koma lero zandipweteka, Tuva. Sindikubisira."

Tuva anangogwedeza mutu, misozi ikuzizira pamasaya.

Lolemba m'mawa basi inaima pamalo ake, chitseko n'kutseguka. Ana anakankhana kulowa, ndipo mawu aja anamveka monga mwa masiku onse, kuwauza kuti asunthire kumbuyo. Onse anasuntha kupatula mmodzi. Tuva anakhala pampando woyamba, pafupi ndi woyendetsa, naika chikwama pamiyendo.

"Ndati kumbuyo," anatero mayi ake, maso ali pamsewu.

"Ndamva, Mama," anayankha Tuva mokweza kuti basi yonse imve. "Koma ine ndikhala pano, poti ndizikuonani."